Anandibwezera mwana atamumaliza

Ndinabadwira kwa Dambe, koma ndinakwatira kufupi ndi Kachebere, m'mudzi umene minda yake ina imakathera ku Zambia. Ndinapita chikamwini. Nyumba ndinamanga ndi manja anga pa malo a apongozi, munda anandigawira ndi apongozi, ndipo ana atayamba kubadwa anali a mbumba ya mkazi wanga. Mwini mbumbayo anali mlongo wa mkazi wanga, alamu anga, amene ana ankawatchula kuti atsibweni. Sindinaone chachilendo pamenepo. Bambo anga nawonso anakhala choncho mpaka kufa.

Mwana wanga woyamba ndi wamwamuna. Thupi anatengera kwa amayi ake, lalitali ndi lamapewa aakulu, koma kufatsa anatengera ine. Ndine kalipentala. Iye ali wamng'ono ankakhala pansi pa benchi yanga kutola zidutswa za matabwa. Pofika Fomu 1 ankatha kupala thabwa n'kuliwongola ndi diso lokha, amatsinzina diso limodzi n'kunena kuti, "Ababa, apa pali mimba." Ndikayeza ndinkapeza kuti mimbayo ilipodi.

Alamu anga anali ndi njinga zakapalasa zonyamula matumba. Mitengo ikakwera tsidya linalo, chimanga ndi soya zinkapita ku Zambia. Ikakwera kuno, zinkabwera. Zinkadutsa njira zam'tchire zimene aliyense m'mudzimo amazidziwa. Njinga yotere saikwera, amaikankha. Matumba amawamanga ndi mphira za machubu, lina pa kaliyala, lina pakati pa fulemu, ndipo wokankhayo amawerama ngati ng'ombe ya pangolo. Ndi ntchito ya anyamata.

Sukulu itatsekera, mwana wanga atangolemba mayeso a Fomu 2, alamu anafika pa benchi yanga.

"Alamu, mnyamatayu ndamutenga. Athandize pa njinga mpaka sukulu itsegulire."

Kumeneko sikunali kupempha. Ankangondidziwitsa.

"Akadali wamng'ono," ndinatero.

"Wamng'ono ndevu zikumera? Mukufuna adzakule akununkha utuchi ngati inu?"

Anaseka, ine ndinasekanso pang'ono, monga achitira mkamwini.

Pa njira yawoyo pali chitunda chachitali. M'munsi mwake muli mkuyu, ndipo pamenepo okankha njinga ankaima kupumula. Ndipomwe ankayatsa ndudu ya chamba n'kumapatsirana. Ankachitcha mafuta a njinga. Ankati ukakoka kangapo miyendo simva, thumba limapepuka, chitunda umangoona chatha. Ankagula ndi alamu okha, monga momwe mwini munda amaphikira aganyu thobwa. Sankabisa. Iwo anayamba kusuta ali anyamata, ndipo mpaka lero ndi munthu wa mutu wabwinobwino, wochenjera pa malonda. Umboni wawo wonse unali umenewo.

Poyamba mnyamatayo ankabwera kunyumba akuseka. Ankaseka nkhuku, ankaseka chipewa changa. Ankadya ngati anthu awiri, kenaka n'kugona pakhonde dzuwa lili pamutu. Amayi ake anati ndi kutopa. Ine fungo ndinalimva m'malaya ake, ndipo maso ofiirawo ndinawaona. Ndinamufunsa.

"Aliyense amasuta, ababa. Atsibweni ndiwo amatipatsa."

Ndinapita kwa alamu. Anandimvetsera uku akupopa tayala.

"Ine ndasuta chiyambire," anatero. "Munandionapo nditavula pamsika?"

Sukulu itatsegulira anapitako teremu imodzi. Aphunzitsi ankati amangoyang'ana pawindo, chimene wauzidwa m'mawa pofika masana wachiiwala. Yachiwiri sanamalize. Anabwerera ku njinga, ndipo tsopano sankadikiranso kufika pa mkuyu. Ankasuta akangodzuka, kuseri kwa chigafa. Tsiku limene wachisowa tinkadziwa tonse. Sankadya, sankakhazikika, thukuta linkangotuluka ngakhale kuzizire. Kuseka kuja kunatha. Iye anamenya mbama mchemwali wake chifukwa chokwecha poto mokweza. Mwana amene sanaphepo ngakhale buluzi.

Kenaka anayamba kuopa. Anatseka windo la gowelo lake ndi masaka. Ankati wailesi ikunena za iye. Chakudya cha amayi ake anachikana, ati athiramo zinthu, ndipo ankangodya chimanga chokazinga yekha. M'mawa wina anabwera pa benchi yanga, nagwira mkono wanga mwamphamvu.

"Ababa, akundilondola. Mundichotse kuno."

Ndinasiya chitseko chimene ndinkapanga. Ndinapita naye ku chipatala cha pa boma tsiku lomwelo. Amayi ake ndinawauza. Alamu sindinawauze, anali tsidya linalo ndi matumba.

Anamugoneka. Namwino amene ankamuyang'anira anali mayi wa kummwera, wolankhula mosathamanga. Atadziwa kuti ndinafika Fomu 4, anandikhazika pa benchi n'kundifotokozera ngati munthu. Anati ubongo uli ndi timadzi take timene timathandiza munthu kumva njala, kupeza tulo, kukumbukira ndi kukondwa. Chamba chili ndi mankhwala ofanana ndi timadzi timeneto, ndipo chimalowa m'malo mwake mochuluka kwambiri. N'chifukwa chake poyamba munthu amaseka, amadya, samva kutopa. Koma ubongo ukaona kuti zikubwera zochuluka tsiku ndi tsiku, umachepetsa kumva kwake. Ndiye pamafunika zambiri kuti munthu amve zomwe zija, ndipo akachisowa zonse zimamusukulukira, tulo timathawa, mtima umapsa msanga.

Ndinaganiza za munda wozolowera feteleza. Chaka chimene sunathire, chimanga chimathera m'maondo.

Ndinamufunsa za alamu anga, amene asuta zaka zonsezi popanda kudwala.

"Mitu ndi yosiyana, bambo," anatero. "Ambiri sapenga. Ena amapenga, makamaka oyamba ali ana, ubongo usanakhwime, n'kumasuta tsiku lililonse. Wanuyu waonetsa kale kuti mutu wake sugwirizana nacho. Akamwa mankhwala mosadumphitsa, n'kusiyiratu chamba, akhoza kukhala bwino. Akabwererako matenda adzabweranso, ndipo mwina adzabwera ndi mphamvu. Musamusiye pakati pa anzake omwe aja."

Atatuluka anali wonenepa, woyenda pang'onopang'ono, wogonagona chifukwa cha mapiritsi. Masabata oyamba chibaba chinamuzunza, ankazungulira bwalo akuluma zala. Ndinamuika pa benchi pafupi ndi ine. Tsiku lina anatenga thabwa la mlombwa, natsinzina diso, nati, "Ababa, apa pali mimba." Ndinatembenuka n'kuyamba kufuna pensulo imene inali kukhutu kwanga.

Anapanga kampando kamodzi. Ndikadali nako.

Mlandu unali ukundidikira. Alamu anaitanitsa abale pakhomo pa apongozi. Ine anandikhazika pa njerwa, chapatali pang'ono.

"Mwana wa mbumba yanga mwapita naye kuchipatala cha amisala osandiuza," anatero alamu. "Mudzi wonse ukutiseka. Munafunsa ndani?"

"Ankadwala."

"Ndikuti munafunsa ndani?"

"Ndine bambo wake."

"Bambo wake!" Anayang'ana anthu kuti aseke, ndipo ena anasekadi. "Tambala wobwereka akalira m'mawa, asamayese kuti anapiye ndi ake."

Ndinafotokoza zimene namwino ananena. Ndinazinena bwino, mwadongosolo. Apongozi anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anafunsa funso limodzi: ngati ndi chamba, bwanji anzake onse okankha njinga ali bwinobwino? Ndinati mitu ndi yosiyana. Iwo anati n'zoona, mutu wa mwanayu wasiyana ndi ya anzake chifukwa wina waugwira. Ndipo wougwirayo sangakhale wa m'mudzi muno. Ndi a kwa Dambe, abale anga, ansanje poona mwana akuyamba kupeza zake.

Ndinapempha chinthu chimodzi chokha, kuti ndimutenge akakhale kwa mchemwali wanga kwa Dambe, kutali ndi njinga. Zinangokhala ngati ndavomera mlandu.

"Mwamva?" anatero alamu. "Akufuna akamupereke kwa eni ake omwe."

Mkazi wanga anakhala chete, maso ali pansi. Pobwerera kunyumba ndinamufunsa chifukwa chake.

"Ndi achimwene anga aja," anatero. "Inu mawa mukhoza kunyamuka kubwerera kwanu. Ine ndidzapita kuti?"

Sankanama.

Alamu anapita naye mwanayo kwa sing'anga wa tsidya linalo. Anabwera ndi mphini pachipumi ndi m'khosi, ndiponso lamulo lakuti mankhwala achikuda sasakanizana ndi achizungu. Mapiritsi anawataya m'chimbudzi ndi apongozi. Masiku oyamba mnyamatayo anaoneka wochangamuka, tulo tija tinamuchoka, ndipo anthu anati mwaona, wachira. Soya atakololedwa alamu anapereweredwa okankha.

"Ntchito ndiyo imalimbitsa munthu," anatero. "Osati kukhala pamthunzi kumaseweretsa matabwa."

Ndinauza mwana wanga kuti asapite. Anandiyang'ana mwaulemu ndithu.

"Atsibweni anena, ababa."

M'mawa mwake ndinamuona akukankha njinga kulowera ku chitunda. Ndinadziwa kuti pa mkuyu paja ndudu ikazungulira, siimudumpha.

Matenda anabweranso mvula isanagwe. Ndinapita naye kuchipatala kachiwiri, kenaka kachitatu, nthawi zonse mokangana ndi alamu. Namwino uja sanandidzudzule. Anangondifunsa kuti, "Anabwererako?" Ine n'kuvomera ndi mutu. Ulendo uliwonse mwanayo ankabwerako atasiyako kena kake. Woyamba anabwera akudziwa kupala thabwa. Wachiwiri ankagwira pulena yopalira matabwa n'kuiwala chimene amafuna kuchita. Ndipo akangopeza mphamvu, belu la njinga linkalira pakhomo.

Zinatha masana ena a mwezi wa June. Ndinali pa benchi pamene ndinaona gulu likubwera, ana akutsatira m'mbuyo. Mwana wanga anali pakati. Manja anamumanga kumbuyo ndi mphira za machubu zomwe zija zomangira matumba, zitalowa m'mnofu. Malaya analibe. Ndinamva kuti pakati pa chitunda anaitaya njinga, inagubudukira m'chigwembe, matumba n'kuphulika. Mnzake atamukalipira, anamutema ndi mwala pamutu, ati ndi mmodzi wa omulondola aja. Mnzakeyo anapulumuka, koma abale ake ankafuna mlandu.

Alamu anamukankhira kutsogolo kwanga.

"Alamu, nayu mwana wanu."

Ndinawayang'ana. M'zaka zonse zimene ndinakhala m'mudzi umenewo, aka kanali koyamba kumva mawu amenewo pakamwa pawo.

"Kubanja kwathu kulibe misala," anatero. "Awa ndi magazi a kwa Dambe. Mumafuna kupita naye kwanu, si choncho? Mutengeni."

Ndinatenga chezulo n'kudula mphira zija. Anthu ena amati ndinachita bwino kukhala chete, ena amati ndine wamantha. Mawu oyenera ndinawanena kale pa njerwa paja, pamene akanathandiza.

Tsopano tili kwa Dambe, pa malo amene mchemwali wanga anatigawira. Amayi ake anatsala ndi ana enawo. Amabwera nthawi yokolola ikatha, amamuchapira zovala, amalira, n'kubwerera. Ukwati sitinauthetse, unangouma wokha.

Iye akuyandikira zaka makumi atatu. Mapiritsi ndimamupatsa ndekha m'mawa uliwonse, ndipo ndimadikira mpaka ameze. Akamwa bwino amakhala wofatsa. Chamba kuno chiliponso, palibe mudzi umene chilibe, ndipo nthawi zina anyamata amamupatsa kuti aziwaseketsa. Zikatero ndimadziwira kumaso, ndipo sabata imeneyo sitikhala pamtendere. Pulena sindimupatsa. Ndimamupatsa sandipepa ndi chidutswa cha thabwa, ndipo amachikwecha mbali imodzi mpaka chipyapyale, ndikapanda kumulanda.

Alamu ali moyo, ali bwino. Ndikumva kuti anagula njinga yamoto, ndipo zakapalasa zija akukankha ndi ana a mchemwali wawo wina. Amasutabe. Sanavulepo pamsika. Chichokereni ife sanabwerepo kudzamuona.

Nyumba yathu ili m'mbali mwa msewu wafumbi. Njinga zimadutsa tsiku lonse, zamakala, zankhuni, za ana asukulu. Belu likalira, mwana wanga amasiya sandipepa n'kuimirira, amapukuta manja m'buluku, n'kusuzumira kumsewu mpaka njingayo itapitirira. Kenaka amatembenukira kwa ine.

"Ababa, atsibweni abwera liti kudzanditenga?"

Ndimamuuza kuti akhale pansi, thabwa silinasalale.