Phazi la Kumanzere la a Kingi

Khwee. Mpaka lero ndimaimvabe nsapato ija ikukhula simenti. Ng'oma yaikulu ikagunda kawiri, malipenga n'kulira, pankakhala kampata kakang'ono ngati gule akupuma, ndipo m'kampata kameneko ndi mmene munkamveka khwee, phazi la kumanzere la a Kingi likukokedwa pansi. Anzanga sankalilabadira. Ine ndinkalimva bwinobwino, ndipo ndi lomwelo limene linandipitikitsitsa pa gule.

Tinkavinira m'nyumba yakale yosungiramo mpunga ku Liwaladzi, pafupi ndi msewu wa tala. Anthu a m'deralo anaisesa, n'kuimikamo galasi lalikulu long'aluka pakona, basi yasanduka sukulu ya magule. Tikaweruka masana tinkathamangira kumeneko. Aphunzitsi analipo atatu, ndipo sindikumbukira tsiku limene atatuwo anagwirizana pa kanthu.

Wamkulu pa onse anali a Kingi. Limeneli si dzina lawo, ndi mmene timatchulira mtsogoleri wa gulu la malipenga. Kwawo kunali kumpoto. Anabwera ali mnyamata kudzadula nzimbe ku Dwangwa, ntchito itatha sanabwererenso. Chichewa chawo chinkamvekabe chakwawo. Pophunzitsa sankafotokoza kanthu. Ankangoima kutsogolo atavala kabudula woyera, masokosi ofika m'mawondo, ndodo yovinira kumanja, n'kuyamba kuvina. Ukafunsa ankakuyankha mawu amodzimodzi: "Gule salowera m'khutu. Penya, uchite chimene waona."

Wachiwiri anali amayi a chioda, mayi wachisilamu wochokera ku boma, amene m'mawa ankagulitsa zitumbuwa pa siteji ya minibasi. Iwo ankaphunzitsa atsikana chioda, gule wa akazi, ndipo ankaphunzitsa ndi manja ndi pakamwa. Ankagwira mtsikana m'chiuno n'kumupotokola ngati akufinya chitenje. "Chiuno chimenechi wabwereka kwa ndani, ukuopa kuchiononga? Walahi, ngakhale mtondo umagwedezeka kuposa iwe!" Atsikana ankaseka mpaka misozi, koma ankavina.

Wachitatu anali achimwene ena amene anakhalako ku Lilongwe, komwe ankavinira oimba m'mavidiyo. Anabwera ndi foni, sipika ndi kuwerenga. Chilichonse kwa iwo chinkayamba ndi "faifi, sikisi, seveni, eyiti," choncho tinangowatcha a Faifi-Sikisi, ndipo ankayankha. Galasi lija linali lawo. A Kingi ankati munthu wovina akudziyang'ana pa galasi ali ngati tambala wojompha chithunzi chake. A Faifi-Sikisi ankati gule wopanda manambala ndi chipwirikiti. Amayi a chioda ankati onse awiri akanakhala akazi bwenzi atamaliza kalekale kukangana n'kuyamba ntchito.

Ine ndinasankha a Kingi chifukwa kwa iwo sikunkafunika kuyankhula. Makolo anga anamwalira ndisanayambe sukulu, ndipo ndinakula ndi agogo anga aakazi, munthu wosachuluka mawu kupatula akakwiya. Mwana wamasiye amaphunzira msanga kuwerenga nkhope za anthu: uyu atopa nane, uyu akufuna ndichoke, uyu andituma. Kupenya ndiye kunali luso langa lokhalo. Mmene ndinkafika zaka khumi ndi zinayi, ndinali nditapeza munthu amene ankati kupenya n'kokwanira.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti anzanga onse anali ndi aphunzitsi enanso kunyumba. Uyu bambo ake anavinapo malipenga, uyu amalume ake, uyu achimwene ake. Akafika kwawo ankawaongola: phazi apa, bondo apa, icho cha a Kingi chisiye. Ine kunyumba kunali agogo ndi mathandala awo oyanikapo usipa. Ndinkapita kuseri kwa mathandalawo n'kubwereza zimene ndaona, osasiyako kanthu: kapendekedwe ka phewa, kazungulidwe ka ndodo, kutembenuka kwa mutu, ndi phazi la kumanzere lija, khwee. Ndinkati ndiye gule wake ameneyo. Ndipo kunena zoona, pamenepo ndi pamene pankandikomera kwambiri.

Chaka chimenecho, mpunga utakololedwa, kunabwera uthenga woti gulu lathu likapikisane ndi la ku Dwambazi. Ankafuna anyamata khumi ndi awiri okha. Ine ndinali ndisanapiteko kulikonse kupitirira pa chigayo, ndipo ndinkafuna malo pa mzere umenewo kuposa china chilichonse.

Tsiku loyamba kutiyesa mmodzimmodzi, nthawi yanga itakwana ndinalowa pakati. Ng'oma inagunda kawiri, malipenga analira, ine n'kukoka phazi. Khwee. Wina anaphulika kuseka. Ndinapitiriza. Khwee. Nyumba yonse inagwa ndi phwete, ngakhale woomba ng'oma anaphonya. A Kingi anakweza ndodo, zonse zinati zii.

"Iwe mwana, ukunyoza ndani?"

Sindinamve chimene akufunsa. Mnyamata wina pambali panga ananong'ona: "Ukutsimphina ngati iwo, chitsiru iwe."

Ndinayang'ana mwendo wa a Kingi, ndipo kanali koyamba kuuona ngati mwendo wa munthu osati wa gule. Kuseri kwa sokosi, pamwamba pa chidendene, panali potupa. Aliyense ankadziwa kupatula ine, kuti chikwanje chinawadula mtsempha m'munda wa nzimbe zaka zambiri zapitazo, ndipo phazilo silinyamukanso bwino.

"Tuluka," anatero a Kingi. "Usadzapondenso muno."

Nditafika kunyumba ndinapeza agogo akusita ndi simbi ya makala. Anali malaya oyera a malemu bambo anga, amene agogo anawachepetsa okha ndi singano kuti ndikavale ku Dwambazi. Ndinawauza zonse nditayang'ana pansi. Iwo sanasiye kusita.

"Unawanyozadi?"

"Ayi, agogo."

"Ndiye ukundiuziranji? Gule wanuyo ine sandipindulira kanthu, usipa suyanikidwa ndi kuvina. Koma malaya awa ndasoka ndi maso anga ofookawa, ndachapa katatu, ndasita. Avalidwa. Sindinavutikire mphemvu za m'sutikesi ine."

Mawa lake a Faifi-Sikisi anandipeza pa mjigo. Anati zimene zinachitika n'zazing'ono, akhoza kundikonza masiku awiri. Tinalowa m'nyumba muja a Kingi asanafike, n'kundiimika pa galasi. "Pa sikisi nyamula phazi, mphwanga. Faifi, sikisi, nyamula!" Ndinkanyamula, koma ndikatero phewa linkachedwa, ndodo n'kusochera. Zonse ndinaziphunzira pamodzi ngati nsalu imodzi, ndipo ukasolola ulusi umodzi inkang'ambika yonse. Iwonso malipenga sankawadziwa kwenikweni, ankangodziwa pamene phazi siliyenera kukhala. Tsiku lachiwiri atatopa anati, "Zisiye za madalazi. Bwera kwanga, uli ndi thupi labwino, tidzakujambula vidiyo."

Ndinapukusa mutu. Sindinkafuna vidiyo. Ndinkafuna mzere umene anandichotsamo popanda mlandu.

Tsiku losankha khumi ndi awiri aja linali Loweruka masana. Ndinavala malaya a bambo, kabudula woyera, masokosi obwereka kwa mwana wa aneba, n'kuyenda pakati pa mudzi dzuwa likuswa mtengo. Nditalowa, anyamata anali ataima kale pa mzere. Ndinapita kukaima kumapeto. Amene anali pafupi nane anasendera ngati ndili ndi mphere.

A Kingi anandiona nthawi yomweyo. "Ndinati chiyani kwa iwe?"

"Munati ndisadzapondenso muno."

"Nanga ukufunanji?"

Pakamwa panatseguka pokha. Ndinali ndisanayankhulepo mawu ambiri chotero pagulu chibadwire. "Munatinso gule salowera m'khutu. Munati penya, uchite chimene waona. Ine ndinapenya, ndachita chimene ndinaona. Ngati ndalakwa, ndalakwa pomvera inu."

"Tamumvani mwanayu!" anatero amayi a chioda, amene anali atakhala pa benchi ndi beseni lawo la zitumbuwa. "Kodi ali ndi lilime eti?"

A Kingi sanaseke. Anamenya mwendo wawo ndi ndodo. "Ichi si cha gule ichi. Ichi n'cha chikwanje."

"Ndiye ndionetseni cha gule, bambo. Ndipenya."

Ndinadziwa kuti ndanena chinthu cholemera, chifukwa a Kingi sakanatha kundionetsa. Zaka zonsezo ankaphunzitsa ndi thupi limene linali litasiya kuchita chimene ankafuna kuphunzitsacho, ndipo amalume a anthu ndi amene ankawakonzera mwakachetechete kunyumba. Anaima chilili. Sindinabweze mawu anga, ndipo sindinayang'ane pansi.

Amayi a chioda anaika beseni pambali, n'kumanga chitenje mwamphamvu. "Pepani a Kingi, mundikhululukire. Ine ndinakuonani mukuvina mwendo uli wabwino, ndili kamtsikana, mutabwera ku boma ndi gulu lanu. Tinathawa kumadarasa kudzakuonerani, ndipo tinakwapulidwa chifukwa cha inu. Iwe wa ng'oma, tiye!"

Mayi savina malipenga, koma tsiku limenelo mayi anavina. Analanda ndodo ya mnyamata wina, ng'oma inagunda kawiri, ndipo pa kampata paja bondo lawo la kumanzere linakwera m'mwamba, phazi n'kutera mopepuka ngati la mbalame. Anabwereza katatu, akupuma mwawefuwefu, mpango wakumutu utapendekeka. "Waona, iwe? Ukandiuza kuti sunaone ndikumenya ndi beseni ili."

Ndinali nditaona. Ndinalowa pakati osadikira kuitanidwa, n'kuvina monga anavinira iwo. Bondo linakwera, phewa linabwera pa nthawi yake, ndodo sinasochere. Zimene manambala analephera masiku awiri, maso anazitenga kamodzi. A Faifi-Sikisi anaomba m'manja okha, kenaka n'kuleka ataona kuti palibe akuwathandiza.

"Eya," anatero a Kingi motsitsa mawu. "Ndi chimenecho. Ndinkavina choncho."

Apa munthu wanzeru akanathokoza n'kubwerera pa mzere. Ine sindinatero.

"Ndachidziwa, bambo. Koma mukanditenga ku Dwambazi ndikavina chokoka phazi."

"Wapenga iwe?" anakuwa amayi a chioda. "Ndathyoka msana pachabe?"

"Enawa aliyense ali ndi cha bambo ake kapena cha amalume ake," ndinatero. "Ine chimene ndinaphunzira n'chanu, ndipo sindinachibe, munandionetsa nokha. Pa kampata paja ng'oma imakhala chete, phazi lanu ndi limene limayankhula. Amene akufuna kuseka aseke."

Palibe anaseka. A Kingi anatembenuka n'kuyamba kusankha. Ankayenda pa mzere akugunda phewa la amene wamusankha. Ndinawerenga chamumtima. Atakwana khumi ndi mmodzi anali asanafike kwa ine, ndipo pakati pathu panali anyamata atatu, onse ovina bwino, onse a mabanja odziwika pa gule. Ndinalimbitsa khosi. Ndinali nditatsimikiza kuti akandidumpha ndidzabweranso Lolemba, ndi Lachiwiri, mpaka malaya a bambo atathera pathupi.

Anawadutsa atatu aja osawagunda. Ataima patsogolo panga sanandigunde phewa ngati enawo. Anayang'ana malaya anga, kolala yake yaikulu imene agogo analephera kuichepetsa, kenaka anayang'ana phazi langa la kumanzere.

"Ukakakoka mwamantha, aganiza kuti ndiwe wolumala," anatero. "Ukakoke ngati ukulemba pansi. Uima kutsogolo, mbali ya kumanzere, kuti alimve bwino."

Anatambasula dzanja n'kundipatsa ndodo yawo yovinira, yakuda ndi thukuta pogwirira, ikadali yofunda. Ndinailandira ndi manja awiri. Iwo sanadikire kuti ndithokoze. Anatembenuka n'kulunjika pakhomo chimanjamanja, phazi lija likukhula simenti mpaka anatulukira panja.