Sitima Imene Ndinaitenga Lachisanu

Ndisanabwere ku Bolton ndinakhala zaka zambiri ndikukonza mawailesi pakhonde la sitolo ina ku Limbe. Ntchito imeneyo inandisiyira nthenda imodzi: chinthu chikasiya kulira, manja anga amayabwa. Kuno ndinapeza ntchito m'nyumba yosamalira okalamba, ndipo viza yanga, ya mkazi wanga ndi za ana athu awiri zinali zomangirira pa ntchito imeneyo. Ikanatha, tonse tikanamanga katundu.

M'nyumbamo munali mkulu wina amene kale ankayendetsa sitima. Mutu unali utayamba kuwathawa, moti ine masiku ena ankanditenga ngati mnzawo wa kunjanji. M'chipinda mwawo munali thabwa lalikulu lokhomedwa tinjanji tozungulira, ndipo pamenepo pankayenda kasitima kachidole kokoka ngolo yake ya malasha. Musakaderere. M'ngolomo munali kasipika, ndipo mu injini munali kaubongo kamagetsi kochepa ngati chikhadabo. Kakanyamuka kankapuma ngati sitima yeniyeni, ukadina batani n'kulira. Akuluwo sankadya kasitimako kasanazungulire, ndiye tonse tinkayamba tayatsa sitima, supuni pambuyo.

Sabata ina kasitimako kanangoti zii. Kuyenda kankayenda, koma mawu kunalibe. Akuluwo anasiya kudya. Lachitatu anakankha mbale, Lachinayi anamenya mtsikana wina wantchito ndi ndodo padzanja. Amanijala anatumiza uthenga kwa mwana wamkazi wa akuluwo, ndipo poti kuno ngakhale kusintha babu kumadikira pepala, tonse tinakhala pansi kudikira yankho.

Lachisanu shifiti ikutha ndinagwada pafupi ndi mpando wa akuluwo n'kuwauza kuti ndine wokonza zinthu, andilole kasitimako ndikakaone kunyumba. Anandigwira paphewa n'kundiuza kuti ndisamale mawilo. Kwathu zikatero nkhani yatha, mwini wake wavomera, ndipo wamkulu sumufunsa kawiri. Ndi mawailesi angati amene ndinanyamula m'makomo mwa anthu popanda kulemberana? Ndinakakulunga m'juzi, kuika m'chikwama, ulendo wa pabasi. Sindinabise ayi, kungoti sindinaone choti n'kuuza munthu.

Loweruka m'mawa ndinayala nyuzipepala patebulo la kukhitchini n'kuyamba kumasula. Timasikuluwu take tinali ngati njere za mapira, ndinatiika m'sosala. Ndinali nditangochotsa chivundikiro, matumbo onse ali poyera, pamene foni inalira. Anali mnzanga wa kuntchito, mayi wa ku Zambia.

"Imwe a brother, muli kuti? Kuno vavuta. Mwana wa ba mudala wabwela, sitima kulibe. Ba manager bakamba za police, manje bayangana pa rota."

Rota ndi ndandanda wa mashifiti, ndipo pa Lachisanu panali dzina langa. Ndinawapempha mayiwo auze amanijala kuti sitima ili ndi ine ndipo ndikubwera nayo. Patapita mphindi ziwiri uthenga unalowa: ndifike pompano.

Mkazi wanga anali akusita pabalaza ndipo anamva zonse. Sanakuwe, ndipo zimenezo n'zimene zinandiopsa. Anandifunsa ngati ndinasaina penapake. Ndinati akuluwo anavomera ndi pakamwa pawo.

"Abambo, munthu woiwala dzina la mwana wake ndiye mboni yanu? Chifundo chinapha nkhwali. Nyamulani mmene chililimo, mupite."

Ndinakana. Ndinamuuza kuti munthu wofika ndi zidutswa m'pepala ndi wakuba amene waononganso, bola wofika ndi sitima yolira. Ndisaname, munalinso kunyada. Ine amene ndinkadzutsa mawailesi ogwera m'madzi, ndikagonje kwa kachidole? Ndinamupempha theka la ola. Anazimitsa ayironi n'kubwera kudzaima kumbuyo kwanga.

Popeza kasitimako kankayenda, magetsi ankafika, vuto linali kumbali ya mawu. Ndinayamba ndi sipika. Ndinagunditsa mawaya ake pa kabatire kakang'ono, inati thi, thi. Inali yamoyo. Zimenezo zinasiya zinthu ziwiri zokha: waya kapena kaubongo kaja. Waya ndikanatha, koma kaubongo sikakonzeka patebulo la kukhitchini, kamachita kuitanitsidwa. Pakati pa injini ndi ngolo pankadutsa timawaya tiwiri toonda ngati tsitsi. Ndinaika mita yoyezera magetsi pa koyamba, inalira. Pa kachiwiri, zii. Kunja kanali kabwinobwino, koma mkati kanali katathyoka pamene kamapindika sitima ikamakhota.

Foni inaliranso. Mkazi wanga anaiyang'ana n'kuitembenuza chafufumimba.

Waya woonda chotero ndinalibe, ndiye ndinadula mahedifoni akale a mwana wathu wamkazi. Chovuta chinali kuwotcherera. Malo ake anali kadontho kowandikana ndi kanzake, ndipo mtovu ukanangochuluka pang'ono n'kulumikiza tonse tiwiri, kaubongo kakanapsa sitima ikangoyatsidwa. Ulendo woyamba waya unaterereka. Mkazi wanga anayatsa tochi ya pafoni n'kundiunikira, ndinkangomva mpweya wake wamkwiyo pakhosi panga. Ulendo wachiwiri unagwira. Nditabwezera chivundikiro m'pamene ndinakumbukira kuti kunyumba kulibe njanji, ndiye panalibe poyesera.

M'basi monse ndinafungatira chikwama, osadziwa ngati ndanyamula sitima yolira kapena yakufa.

Mu ofesi ndinapeza amanijala ndi mwana wa akulu aja, mayi wamkulu ndithu, maso ali psuu. Iwo ankaganiza kuti sitima ya bambo awo yagulitsidwa kale pa intaneti. Amanijala sanali munthu wankhanza. Anandifotokozera pang'onopang'ono kuti munthu wodwala nthenda yoiwala sangapereke chilolezo, ndipo katundu wake akatuluka pakhomo popanda kulemba, malamulo awo amati kuba. Ine ndinaumirira kuti tikawafunse eni ake. Tinapita tonse atatu. Akuluwo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuuza mwana wawo kuti munthu uyu sanamuonepo chibadwire.

Ndinachita manyazi amene sindinachitepo, ndipo ndinaona ana anga ali pabwalo la ndege ndi zikwama. Ndinangotulutsa juzi ija n'kuipereka. Mayiwo anaika sitima panjanji okha, n'kupotokola kosinthira liwiro. Inanyamuka ili duu. Inadutsa kona yoyamba ili duu. Kenako amanijala anafunsa ngati mawu sachita kuyatsidwa paokha, mayiwo n'kudina batani, sitima n'kuyamba kupuma, kenako kulira. Akuluwo anaweramira kutsogolo, anaiperekeza ndi maso kawiri konse, n'kufunsa ngati tiyi wapsa.

Mayiwo anati za apolisi zisiyidwe. Koma pepala linali litayamba kale kuyenda. Anandiimitsa ntchito masabata awiri, ndinakakhala pamaso pa anthu atatu kufotokoza za kwathu zimene sankazimvetsa, ndipo pomaliza anandipatsa chenjezo lomaliza. Kulakwa kwina kulikonse, ntchito yatha. Anandisamutsira m'chipinda chapamwamba n'kundiletsa kulowanso kwa akulu aja.

Nyengo yozizira itafika, mayi a ku Zambia aja anandiimitsa pamasitepe n'kundinong'oneza kuti sitima yasiyanso kulira, ndipo mbale zikubwerera zodzaza. Ndinadziwa pomwepo kuti ndi waya winawo, mnzake wa umene ndinasintha. Inali ntchito ya mphindi khumi, ndipo ndikanatha kugogoda kwa amanijala n'kupempha kuti ndiikonzere mu ofesi momwemo, iwo akuona. Tsiku limenelo ndinafika pachitseko chawo kawiri, kawiri konse ndinabwerera. Ndinaopa kuti dzina langa limvekenso pafupi ndi sitima imeneyo.

Mwana wa akulu aja anaitumiza sitimayo papositi kwa okonza a mumzinda wina. Inabwera patatha masabata asanu, ikulira bwino. Akuluwo anali atatengeredwa kuchipatala sabata yachitatu, ndipo sanabwereko. Ntchito ndikadali nayo, ana akuphunzira, ndipo mkazi wanga amati ndinachita zanzeru. Mwina akunena zoona. Koma ndimadziwa kuti munthu uja anakhala ndi njala m'chipinda chapansi, ine ndili pamwamba ndikuyala mabedi, waya wake ndikuudziwa.