Tsiku limene ndinaitanira intaneti ya eni ake m'kabokosi kathu

Anzanga amati ndimathira mchere ndikamanena nkhaniyi, koma ndikulumbira, inachitikadi, ndipo mpaka lero ndikamva fani ya kompyuta ikulira kwambiri ndimakumbukira tsikulo.

Nthawi imeneyo ndinali nditangomaliza sukulu, ndili pa miyezi yoyesedwa pa kakampani kena kogulitsa intaneti kuno ku Kabwe. Abwana anga anali bambo achikulire a kwathu ku Chipata, ndipo ndikukhulupirira kuti anandilemba ntchito chifukwa amapemphera limodzi ndi amayi anga. Kwa inu osadziwa, rauta ndi kabokosi kolondolera intaneti njira, ndipo kamacheza ndi marauta ena amene timawatcha maneba, kumauzana kuti njira yopita kwakuti yadzera kwa ine. Ife maneba tinali nawo ambiri, masukulu, malo ogona alendo, ndiponso makampani awiri akuluakulu a ku Lusaka amene ankatigulitsa intanetiyo. Tsono abwana ankalembera neba aliyense malamulo akeake, mizere yomweyomweyo, ndi zala ziwiri zokha. Zinkandinyansa zedi. Kodi si ndinaphunzira ine kuti maneba ofanana umawaika m'gulu limodzi n'kulemba malamulowo kamodzi?

Lachisanu lina abwana anapita kumaliro kumudzi ku Chipata, kudzera ku Lusaka, atandiuza kawiri konse kuti ndikangokhudza rauta ija ndikafune ntchito kwina. Asanafike n'ku Lusaka komwe, ine ndinali nditapanga kale gulu n'kuponyamo maneba onse. Pa makampani aakulu aja panali kamzere kamodzi kapadera, ndipo nditakayang'ana ndinati izi ndi zinyalala za achikulire, n'kukafufuta. Malamulo odzaza masamba anatsala oti n'kukwana pachikhatho, moti ndinawajambula pafoni kuti ndidzanyadire.

Kamzere kaja kanali koletsa rauta yathu kuuza akuluakuluwo njira zimene si zathu. Katangochoka, kabokosi kathu kanauza kampani iyi kuti njira zonse za inzake zadzera kwa ife, n'kukauzanso inayo chimodzimodzi. Zinali ngati kulengeza kuti malole onse a mumsewu waukulu azidutsa pakhonde panu.

Fani inayamba kulira, magetsi onse apakabokosi ali phethiphethi. Ndinayesa kubweza zimene ndinalemba, koma ndikadina chilembo chinkatuluka ine nditaiwala kale. Mafoni ndiye osanena. Bambo wina wa ku Lusaka, wa kampani imodzi yaikulu ija, wa mawu ofatsa oopsa aja, anafunsa ngati akulankhula ndi injiniya, ndipo ine, mwana wa dipuloma, ndinayankha kuti ayi, ndine wosesa. Anati ndikauze injiniyayo kuti makasitomala awo ali mumdima chifukwa cha ife, ndipo nkhaniyi ipita patali.

Ndikutsitsa foni chonchi, pakhomo panaima chimunthu chachitali cha yunifolomu ya oyang'anira ndende ku Mukobeko. Amangwetu, ndinati abwera kudzandimanga. Mwamsanga chotere? Ndinagwada pansi, misozi ili chuchuchu, n'kuwapempha kuti asananditenge andilole ndiimbire amayi, ndipo sindikudziwa chifukwa chake, ndinawauzanso kuti ndimaimba kwaya. Kenako, m'Chinyanja chosakaniza ndi Chibemba, anati ndiimirire ndisawachititse manyazi, iwo angobwera kudzadandaula kuti intaneti yafa kunyumba mwana wawo ali pakati polembetsa ku yunivesite.

Atayang'ana kabokosi kolira kaja, anati kwawo dikoda ya TV ikachita misala amangoizimitsa n'kuiyatsanso. Ndinatsala pang'ono kuwauza kuti iyi si dikoda, koma ndinakumbukira kuti m'kunyada konse kuja sindinasunge zimene ndinalemba, ndipo rauta ikazima imaiwala chilichonse chosasungidwa. Nditangovomera, pulagi anazula ndi iwowo. Titayatsanso, mizere yotopetsa ya abwana inabwerera yonse, kamzere kaja kali pamalo pake, ndipo mafoni anayamba kutonthola.

Lolemba ndinafika nditalongedza kale kapu yanga m'chikwama. Abwana anali atamva zonse, poti wa ku Lusaka uja anawaimbira ali kumanda, ndipo choyamba anafunsa ngati ndasesa bwino. Anandikalipira mpaka ndinaliranso, koma atamaliza anakoka mpando n'kunena kuti zala zawo zinatopa kalekale, kungoti ankaopa kusintha malamulowo. Tinapanga magulu awiri, la makasitomala ndi la akuluakulu aja, iwo akuwerenga mzere uliwonse mokweza ine ndikulemba.

Bambo a yunifolomu aja mpaka pano amauza anthu m'minibasi kuti anakonzapo intaneti ya Zambia yonse ndi dzanja limodzi, ndipo ine sinditsutsa. Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti kuika maneba m'magulu n'kwabwino ndithu, bola uwadziwe kaye mmodzimmodzi. Ndiye inu achinyamata anzanga, mukapeza kamzere kamene simukukamvetsa, funsani amene anakalemba musanakafufute, chifukwa si tsiku lililonse limene munthu amapulumuka poiwala kusunga.