Khoma la mchere m'galaja ya a Whiteson

Kwa Zingalume kunamveka mbiri yoti a Whiteson Sakala anagulitsa maso awo kwa sing'anga kuti apeze galimoto. Umboni unalipo, ati. Maso awo akuchita chifunga, komanso galaja yomwe yakhala zaka yopanda galimoto ayamba kuikongoletsa m'kati kuposa nyumba yogona. Ena anawonjezera kuti m'khomamo anaikamo mankhwala, n'chifukwa chake mbuzi za mudzi wonse zikukhamukira kumeneko. Ine ndine msuweni wawo, kuwanena ndi ntchito yanga, koma bodza ili lokha ndilikane.

A Whiteson anagwira ntchito ku Kitwe, yomasula ndi kumanga mawilo a malole a eni ake. Atabwerera kumudzi anaumba njerwa n'kumanga galaja asanagule galimoto. Galimotoyo mpaka lero ili m'njira. Poona kuti galaja ikungosunga akangaude, anayamba kukonzeramo njinga, ndipo kwathu kuno njinga ndiyo lole, ndiyonso ambulansi. Ntchito imeneyo ndiyo inkawadyetsa iwo, akazi awo a Lena Mbewe, ndi mwana wawo Monika.

Cha m'ma 1980 maso anayamba kuwathawa. Kuchipatala anati ndi ng'ala, adikire dokotala wa maso amene amabwera mwa apo ndi apo. M'galajamo munali mdima: njerwa zofiira, mwaye, girizi, ndi kazenera konga una wa mbewa. Ndolo, tizitsulo tozungulira ta m'habu pakati pa wilo tija, zikagwa pansi ankazifufuza ndi manja. Panja sakanagwirira ntchito, chifukwa chilimwe mphepo imathira mchenga m'girizi, dzinja ndi mvula. Tsiku lina anamanga habu ya a Yosiya, mkulu wa mpingo, ndolo zili zoperewera, wilo n'kukagwira pamtsetse. A Yosiya anafika kutchalitchi atamanga nsalu pamphumi. Kuyambira pamenepo anthu anayamba kukankha njinga zawo mpaka ku Chadiza boma.

"Khoma likayera, ndiona," anandiuza a Whiteson. "Likapanda kuyera, ntchito yandithera."

Anayamba ndi simenti. Anapita ku Chipata, anaima pamzere wautali dzuwa likuwaotcha, atafika kutsogolo anapeza kuti mzerewo unali wa sopo. Simenti kunalibe tauni yonse. Penti inalipo, koma atamva mtengo wake anavula chipewa ngati afika pamaliro. Anabwerako ndi sopo. Sanagwe mphwayi. Anasakaniza dothi la pachulu ndi mchenga wa kumtsinje n'kupaka pulasitala ndi manja awo, ndipo inagwira bwino. Chinatsala ndi kuyeretsa.

A Lena anati awathandize. Amuna awo atapita kukasaka laimu woyeretsera khoma, anatenga mtsiro wawo wakuda wa kudambo n'kuzira khoma lonse mpaka linasalala, lochita kunyezimira. A Whiteson atalowa anagunda mutu pa njinga yopachika.

"Anambewe, mwandiika m'manda ndili moyo?"

"Atate a Monika, nyumba yonse ndimazira chonchi, simunadandaulepo."

"M'nyumba ndimalowamo kukagona!"

Laimu anamupeza ndithu, kathumba kamodzi. Anapaka, galaja inayera mbee. Koma laimuyo ankayoyoka. Aliyense wotsamira khoma ankatuluka ngati wachokera kuchigayo. Mmisiri womanga nyumba, a Fanwell, anawauza kuti laimu amafuna mchere kuti agwire. Masiku amenewo mchere unkasowa ngati simenti yemwe, ndiye a Whiteson anakatapa wa m'khitchini. Banja lonse linadya ndiwo zozizira, a Lena osalankhula nawo, koma laimu anagwira.

Chimene a Fanwell sananene n'chakuti iwo amapaka nyumba za ku boma, kumene mbuzi sizilowa. Kwathu galajayo inalibe chitseko. Mbuzi imodzi inanyambita khoma, inakauza zinzake. Pofika Lamlungu zinali zitandanda m'galajamo ngati kwaya, zikunyambita, ndipo ng'ombe yokoka ngolo inalowetsanso mutu kuti isamanidwe. Khoma lonse la m'munsi linatha mpaka pulasitala, pena mpaka njerwa.

Ine ndinati, "Asuweni, siyani njinga mutsegule butchala. Nyama ikubwera yokha, yothira kale mchere."

Sanaseke. Anakhala pachitsa akuyang'ana khoma lawo nthawi yaitali, kenako anatenga ndodo n'kuyeza pamene mbuzi yaitali imafika itaimirira ndi miyendo iwiri. Anajambula mzere pamenepo kuzungulira galaja yonse, n'kupita kukhitchini chipewa chili m'manja.

"Anambewe, mtsiro wanu uja ulipo?"

"Wa kumanda uja?"

"Womwewo."

Anagawana khoma. Pamwamba pa mzere a Whiteson anapaka laimu wotsala wa mchere. M'munsi mwake ndi pansi ponse a Lena anazira mtsiro wakuda n'kukhutiza ndi mwala, ming'alu yonse n'kutseka. Pakhomo anakhomapo kachitseko ka lata kofika m'chiuno. Mbuzi zinabwera, zinanunkhiza, zinabwerera zitakhumudwa. Kuwala kwa pakhomo kunkagunda khoma loyera n'kudzaza galaja, ndipo ndolo ikagwa pansi pakuda paja inkang'anima ngati diso la mphaka. Izi a Whiteson sanaziganizire, ngakhale lero amati anaziganizira.

Woyamba kubwerera anali a Yosiya, chipsera chili pamphumi. Anaimirira pompo akuyang'anitsitsa habu ikumangidwa, anazungulitsa wilo, anakwera, anatsika mtsetse uja n'kubwerera ali wamphumphu. Njinga zinasiya kupita ku boma.

Mbiri ija yokha ndiyo sinathe. Tsiku lina ndinawapeza akumanga sipoko, ndinati, "Asuweni, anthu akuti munagulitsa maso kuti mugule galimoto. Ifika liti tikwere nawo?"

Sanadzutse n'komwe mutu.

"Akauzeni kuti ndi zitsiru. Galimotoyo ndiyendetsa ndi maso ati? Ndipatseni sipanala iyo, ndipo chokani pakhomo, mukunditchingira kuwala."