Kaiti ya jumbo ku Salford

Ndikukumbukira Lolemba lina mu February 2007, sukulu titatsekera, ndili pawindo kwathu ku Salford ndikulemba m'kabuku kanga kobisa. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo mnzanga anali mmodzi yekha, Eleni. Makolo ake, ochokera pa chilumba china ku Girisi, anatiitanira kupaki, chifukwa kwawo zikondwerero zolandirira Lenti amazitseka poulutsa makaiti.

Bambo anga anakana kugula kaiti. Anang'amba jumbo yakuda ya zinyalala, n'kusema tinsungwi tochirikizira maluwa, mchira n'kudula ku chitenje chakale cha amayi. M'basi ndinakhala nayo patali. Ndinkaopa kuti abale a Eleni akaiseka, iye achita nane manyazi, ine n'kuyambiranso kudya ndekha kusukulu.

Kupaki mphepo inkaluma makutu, udzu uli chinyontho. Makolo a Eleni anatipatsa buledi wonunkhira chitowe. Amayi atamva kuti tsikulo Agiriki sadya nyama, anakankhira pansi pa chikwama nkhuku imene anakazinga m'mamawa, nkhope ili phee ngati ali m'tchalitchi.

Makaiti a m'sitolo, ofiira ndi achikasu, ankakwera pang'ono n'kugwa chamutu. Bambo anatembenuzira msana kumphepo, anagwedeza dzanja kawiri, jumbo ija n'kunyamuka ikupatapata. Kenako anandipatsa ulusi, anthu onse akuona.

"Gwira, Tadala. Ikakoka usalimbane nayo, ipatse ulusi."

Ulusi unkanjenjemera m'zala zanga zozizira. Kaiti inapitirira mitengo, inapitirira nyumba zosanja, mpaka inangotsala kadontho. Bambo ake a Eleni anayang'ana kumwamba nthawi yaitali, n'kunena kuti ali mwana ankapanga yotere ndi bango ndi nyuzipepala, koma manja anaiwala. Anapempha bambo anga kuti awakumbutse mfundo zake. Eleni anandifunsa chapansipansi ngati angagwireko, ndipo tinagwira tonse awiri.

Nkhuku ija tinadyera m'basi pobwerera, kaiti ili pamiyendo panga.

Masiku ano ana anga amafuna kaiti yobwera m'bokosi, ndipo zala za bambo sizimanganso mfundo. Koma kabuku kaja ndikadali nako. Pansi pa tsamba la tsikulo, m'zilembo zazing'ono zopendekera, ndinalemba kuti: "Mawa ndiwapempha adadi andiphunzitse. Yoyamba ndipangira Eleni."