Tsiku Limene Pikapu Inasiya Kulira

Ndikakumbukira a Zuze, ndimamva fungo la oyilo wakuda losakanikirana ndi utsi wa nsomba zimene amayi ankawamba kuseri kwa mpanda, ndipo ndimaona munthu wamtali wowerama msana atakhala pa tayala lakutha, akupukuta zitsulo zake pang'onopang'ono ngati akusambitsa mwana wodwala. Anabwera wapansi kuchokera ku Mozambiki m'zaka zimene nkhondo inkathamangitsa anthu m'midzi yawo. Anafika ndi mphasa, kapoto, ndi thumba la masipanala. Akazi awo sanafike nawo, ndipo palibe amene anawafunsa kawiri.

Amalume anga, che Amidu, ndiwo anawalozera malo kuseri kwa nyumba yathu ku Mangochi. A Zuze anamangapo kakhumbi, namakonza njinga, injini za maboti, ndi pikapu ya amalume imene inkanyamula nsomba ndi anthu kukwera phiri la ku Namwera. Sankayankhula zambiri. Ankaoneka otopa ngakhale m'mawa.

Pikapu ija inali itayamba kulira. Amalume akaponda buleki, inkakwecha mpaka mano kuchita dzanzi, ndipo tinkadziwa kuti afika asanakhote n'komwe pa mzikiti. A Zuze anawauza kangapo kuti chitsulo chikudya chitsulo chinzake, koma amalume ankangoti, "Mawa, a Zuze, mawa."

Loweruka lina kunali sadaka ya malemu agogo ku Namwera. Azimayi a mbumba yathu anasonkhana dzuwa litangotuluka, atavala zoyera, mitanga ya mpunga ili pamutu. Amalume anatulukira ndi pikapu, n'kuima pabwalo mwakachetechete. Sinalire ngakhale pang'ono.

A Zuze anaika pansi kapu yawo ya tiyi.

"Bwana, yasiya bwanji kulira?"

"Yachira," anatero amalume akuseka. "Mnzanga wa kudepoti wandipatsa nzeru. Ndathira oyilo pang'ono m'kati mwa matayala. Chitseko chikamalira sitithira mafuta?"

A Zuze sanaseke. Anatenga jeke, n'kukweza galimoto, n'kuchotsa tayala lakumbuyo, kenako anagogoda chitsulo chozungulira cha buleki mpaka chinavuka. Analowetsa chala m'kati, chinatuluka chakuda bii, chikunyezimira. Kachikopa kolimba kamene kamagwira tayala, kamene amakanika amati layiningi, kanali katatha mpaka pa timisomali, ndipo kotsalako kanali katamwa oyilo. Anamasula tizitsulo tonse ta buleki, n'kukatiika m'khumbi mwawo.

"Iyi lero siyenda."

"Mwati chiyani?" Amalume anayang'ana azimayi aja, nkhope itasintha. "Anthu akudikira kumudzi, mashehe afika kale. Bwezerani zimenezo."

"Kukwera ikwera, bwana. Nanga potsika?"

"A Zuze, malo amene mumagonawo ndi a yani?"

Tonse tinkadziwa tanthauzo la funsolo. Munthu wothawa nkhondo akachotsedwa pamalo, kotsala kunali kukampu, kukafola mzere wa ufa. A Zuze analowa m'khumbi, ndipo tinawamva akukulunga mphasa. Anatuluka ndi mtolo womanga ndi luzi, kapoto kakulendewera, n'kuuika pakhomo.

"Ndinathawapo kale, bwana, njira ndimaidziwa," anatero motsitsa mawu. "Koma ndanyamula maliro okwanira. Awa sindinyamula nawo."

Kenako anatulutsa tizitsulo tija, n'kutibwezera momwe tinalili, n'kumanganso tayala, galimoto ikadali pa jeke. Anapempha amalume kuti alowe aponde buleki ndi mphamvu zawo zonse. Amalume anaponda mpaka mitsempha kutuluka m'khosi. A Zuze anatembenukira kwa amayi.

"Mayi, taligwirani tayalali, mulizunguze."

Amayi anatula mtanga. Anagwira ndi manja awiri, n'kukankha. Tayala linazungulira. Anakankhanso, linazunguliranso, amalume akadapondabe. Amayi anapukuta manja pa chitenje, n'kuyang'ana mlongo wawo nthawi yaitali.

"Achimwene, tsikani. Sadaka imodzi yatikwana. Ndipo malo ano ndi a mbumba, mlendoyu sachoka."

Azimayi anakakwera lole ya fodya masana, anafika mpunga wa ena utadyedwa kale, ndipo amalume ananyozeka pamaso pa abale. Sindiwaweruza. Anali munthu wosenza mbumba yonse ndi galimoto imodzi yokalamba, ndipo phokoso lija linkawachititsa manyazi.

A Zuze anagwira ntchito masiku awiri padzuwa. Zipangizo zatsopano sizinkapezeka, choncho anadula layiningi ya lole yakufa, n'kuipala, n'kuikhomera ndi timisomali tamkuwa. Anatsuka zitsulo ndi petulo katatu, n'kuzikwecha ndi sandipepa mpaka zala zawo zinasupuka. Atatha, anajambula mzere pamchenga panjira yotsikira kumtsinje. Amalume anabwera ndi pikapu mothamanga, n'kuponda, ndipo inaima isanafike pamzerepo. Madzulo ake amalume anatumiza chambo chachikulu kukhumbi kuja.

A Zuze anadya chambocho, koma mtolo uja sanaumasulenso. Ankatulutsamo mphasa pogona, m'mawa n'kuimangiranso. Unakhala pakhomo choncho mpaka nkhondo inatha, iwo n'kubwerera kwawo. Tsiku lonyamuka ndinawafunsa chifukwa chake anadabwa galimoto itasiya kulira. Anati, "Chinthu chikamalira, chikadali kukupempha. Uziopa chikakhala chete."

Mawuwa ndinawasunga, koma sindinawagwiritse ntchito pamene ankafunika. Mkazi wanga anadandaula za m'mimba miyezi yambiri, ine ndinkamugulira mapilitsi opha ululu pagolosale, n'kumati mawa tipita kuchipatala. Atasiya kudandaula, ndinathokoza Mulungu kuti wachira. Tinamuika m'manda mvula isanagwe.

Masiku ano ndikamachokera kumzikiti ku swala ya m'mawa, minibasi zimandidutsa zikukwecha mabuleki potsikira pamlatho. Anthu amatseka makutu. Ine ndimaima m'mbali mwa msewu, n'kumvetsera mpaka phokosolo litazimirira, kenako ndimapita kunyumba kumene kulibenso wondidandaulira.