Ndinapita ku Lilongwe, Zione Anatsala

Ndinaganiza zochoka ku Nsanje tsiku limene a hedi anandiuza kuti ndisiye zamasewera, ndizikaphunzitsa Chichewa ku Fomu 1. Akuti kuthamanga sikubwera pa mayeso. Ine, munthu amene ndinakumba ndekha maenje a mapolo a ntchemberembaye pa sukulu yathu kwa Malemia, dzuwa likundiwotcha mpaka m'mafupa! Amuna anga anali atamwalira chaka chomwecho, ndipo sukulu ina yapulayiveti ku Lilongwe inkafuna woyang'anira masewera. Ndinafunsira, ananditenga.

Vuto linali Zione, mwana wanga mmodzi yekhayo, amene anali Sitandade 5. Kwathu kuno mwamuna akapereka lobola, ana amakhala a kuchimuna. Alamu anga a Fombe, akulu awo a malemu, sanachite kukuwa ayi. Anangoti, "Inu pitani, mlamu, ndinu aakulu. Koma mwana ndi wa pakhomo pano. Ng'ombe zinapita kwanu." Ndinalira, ndinatukwana chamumtima, kenako ndinakwera basi ndekha. Ndinadziuza kuti ndikakhazikika ndidzamutenga.

Ntchito inali yabwino, ndisaname. Bwalo lasimenti, mipira yodzaza kabati, ana onse ovala nsapato. Ndinkakonza mipikisano, kupeza mabasi, kukangana ndi oyimbira. Pa msonkhano woyamba wa aphunzitsi a masewera, mkazi ndinali ndekha, ndipo bambo wina anandituma madzi akumwa. Ndinamuuza kuti mpopi uli panja. Kuyambira pamenepo ankanditchula kuti mayi wa ku Nsanje, ndipo sankandiputa.

Koma ndikaweruka, mayo ine! Kachipinda ka lendi ku Kawale, kuzizira kwa Juni kumene thupi la kuchigwa silikudziwa, ndiponso popanda munthu woti ndimulankhule Chisena ngakhale liwu limodzi. Mwezi ukatha ndinkatumiza ndalama pa foni ya alamu, ndipo pa foni yomweyo ndi pamene ndinkalankhula ndi Zione, iwo ali chiimire pambali. "Ndili bwino, mama. Sukulu ili bwino." Basi, nkhani yatha. Tsiku lonse ndinkaphunzitsa ana a eni kuponda bwino akalandira mpira, wanga sindinkadziwa n'komwe kuti watalika bwanji. Zinkandiwawa kwambiri.

Mnzanga amene ndinamusiya pa sukulu ya kwa Malemia ndiye anandiuza kuti Zione wayamba kusewera ntchemberembaye, ndipo amagoletsa moopsa. Nditamva, ndinaseka ndekha ngati wamisala, kenako ndinalira.

Chaka chimene Zione analemba mayeso a Sitandade 8, sukulu yathu ya ku Lilongwe inalengeza kuti wogwira ntchito aliyense atha kulowetsa mwana mmodzi Fomu 1 mwaulere, bola kholo lake likhale likugwirabe ntchito pamenepo. Tchuthi chitangoyamba ndinanyamuka. Basi itatsika zitunda kulowa m'chigwa cha Chikwawa, kutentha kunandilandira, ndipo ndinavula juzi ndikumwetulira. Ndinkaona ngati zatheka kale.

Zione ndinamupeza pa bwalo, wopanda nsapato, wamtali ngati bambo ake. Mapolo anali atapendekeka, pamwamba atamangirira malimu a njinga. Ndinaima patali n'kumuonerera. Mwana ameneyu amangotembenuka kamodzi, mpira walowa. Palibe amene anamuphunzitsa bwinobwino, komatu mwa ana anga a ku Lilongwe panalibe womufika.

Mawa lake tinakhala pakhonde ndi alamu. Ndinagwada, ndinafotokoza zonse mwaulemu umene sindinkadziwa kuti ndili nawo.

"Tamva, mlamu," anatero a Fombe. "Mwana apite. Koma inu mubwerere. Apongozi anu akudwala, ndipo nyumba ya mng'ono wanga ikugwa. Mmodzi apite, mmodzi atsale."

"Alamu, malowo alipo chifukwa ine ndikugwira ntchito kumeneko. Ndikasiya, malonso atha."

"Ndiye nkhabe, sizitheka." Anayang'ana pansi. "Mukapita nonse awiri, mng'ono wanga watsala ndi chiyani pano? Manda okha?"

Ndinafuna kuwalalatira, koma ndinaona kuti munthuyo akulira. Ndinapita kwa achimwene anga kuti andithandize. Iwo anangondikumbutsa kuti ng'ombe za lobola zija ndi zimene iwo anakwatirira, ndiye sangatsegule pakamwa. Kutchalitchi anandiuza kuti ndipemphere. Ndikatsala, mwana alibe sukulu ija. Ndikapita, ndipita ndekha. Ndinazungulira nayo nkhaniyi tchuthi chonse, khomo lotulukira osalipeza.

Tsiku lobwerera, Zione anandinyamulira chikwama mpaka pa siteji. Ndinayamba kumulonjeza kuti chaka chamawa ndidzayesanso, ndidzabwera ndi anthu, ndidzachita izi ndi izi. Anandidula.

"Mama, musadzabwerenso ndi nkhani imeneyi, chonde."

"Sukufuna kupita?"

"Ndikufuna. Koma inu mukakangana nawo mumakwera basi. Amene ndimatsala nawo ndine."

Kondakitala anali akuitana kale. Ndinakwera, ndipo ndinakhala mbali imene sindikanamuona pawindo. Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti womangidwa ndine, kumachita kudzimvera chisoni ku Kawale kuja. Chonsecho ine ndinali ndi tikiti m'manja, mwana wanga analibe.